Makhadi a baseball: kapepala kamafika bwanji pa $12.6 miliyoni?

Mu Ogasiti 2022, kampani yogulitsa katundu pa okushoni ya Heritage Auctions, ya ku Dallas m'dziko la America, inagulitsa khadi limodzi la katswiri wakale wa baseball, Mickey Mantle, pa mtengo wa $12.6 miliyoni. Khadilo ndi kakatoni kopyapyala kokwana m'chikhatho. Linasindikizidwa mu 1952, ndipo ana a nthawi imeneyo ankalipeza m'kapaketi ka chingamu ka masenti asanu. Mwiniwake, Anthony Giordano, analigula mu 1991 pa $50,000. M'mwezi womwewo khadi lina, la Honus Wagner, linagulidwa pa $7.25 miliyoni.

Munthu akamva nkhani zotere amagwira pakamwa, kenako amayamba kukayika. Ena amati n'chinyengo basi. Ena amaganiza kuti aliyense amene ali ndi bokosi la makhadi akale kunyumba wagonera chuma. Onsewa akuphonya penapake. Makhadi a baseball alipo mabiliyoni, ndipo ambiri mtengo wake sufika n'komwe dola imodzi. Anthu ochuluka amene amawasonkhanitsa sadzagulako kalikonse pa okushoni yaikulu moyo wawo wonse. Iwo amasinthana makhadi otchipa ndi anzawo, pamaso kapena pa positi, kuti akwanitse zomwe akusowa. Kuti timvetse chifukwa chake kapepala kena n'ka mamiliyoni pamene kanzake kooneka chimodzimodzi palibe woakafuna, tiyambe ndi khadi lenilenilo.

Khadilo n'chiyani?

Baseball ndi masewera omenya kampira kolimba ndi ndodo, otchuka ku America, Japan, South Korea, Cuba, Dominican Republic ndi Venezuela. Ligi yaikulu, Major League Baseball kapena MLB, ili ndi matimu 30, ndipo 29 ali ku America, imodzi ku Toronto m'dziko la Canada. Timu iliyonse imasewera magemu 162 pa sizoni, ndiye kwa miyezi isanu ndi umodzi pafupifupi tsiku lililonse pamakhala gemu. Kuchuluka kwa magemuku kunapangitsa okonda baseball kukhala anthu a ziwerengero. Amafuna kudziwa kuti wosewera wakuti wamenya mpira kangati chaka chino, wautulutsa kangati kunja kwa mpanda, ndipo akusiyana bwanji ndi wina amene anasewera zaka 50 zapitazo.

Khadi limanyamula zonsezi. Kutsogolo kuli chithunzi cha wosewera, dzina lake ndi timu yake. Kumbuyo kuli ziwerengero zake chaka ndi chaka, komwe anabadwira, ndi nambala ya khadilo. Wailesi ya kanema isanafale, mwana wokhala kutali ndi mabwalo akuluakulu ankaidziwira pa khadi nkhope ya wosewera amene ankangomumva pa wailesi.

Nambala ija ndiye mtima wa nkhani yonse. Makhadi a chaka chimodzi a kampani imodzi amapanga seti, ndipo setiyo imakhala ndi makhadi mazanamazana. Amagulitsidwa m'mapaketi omata, moti wogula sadziwa chili m'kati. Ukagula mapaketi khumi, ena umawapeza kawiri kapena katatu, pamene amene ukuwafunitsitsa sakuoneka. Mnzako naye zamuchitikira zomwezo, koma obwereza ake ndi ena. Kusinthana kunabadwira pamenepo, ndipo mpaka lero maziko ake sanasinthe.

Ndudu zinayamba, chingamu chinatsatira

M'zaka za m'ma 1880 makampani a fodya ankaika kakatoni m'paketi ya ndudu kuti ndudu zisathyoke. Posakhalitsa anaona kuti kakatoniko kakakhala ndi chithunzi, wosuta amabwereranso ku mtundu womwewo wa ndudu. Goodwin & Company ya ku New York, yopanga ndudu za Old Judge, ndi Allen & Ginter ya ku Richmond, Virginia, zinali m'gulu loyamba kuika osewera baseball. Pakati pa 1909 ndi 1911, American Tobacco Company inatulutsa seti ya makhadi 524 yomwe lero imadziwika kuti T206.

Dzina limeneli silinachokere ku kampaniyo. Analipereka ndi Jefferson Burdick, wogwira ntchito pa fakitale ya zipangizo za magetsi ku Syracuse, amene kuyambira m'ma 1930 anadzipereka kusanja makhadi onse a ku America m'magulu, gulu lililonse ndi chilembo chake ndi nambala. Zonse zomwe anasonkhanitsa, zinthu pafupifupi 300,000, anazipereka ku Metropolitan Museum of Art ku New York, ndipo zaka zake zomaliza anazithera komweko akuzimata yekha m'maalubamu, manja ake atalumala ndi nyamakazi. Anamwalira mu 1963 atangomaliza kumene ntchitoyo. Ndimamutchula chifukwa popanda ntchito yake anthu awiri okhala m'mizinda yosiyana sakanatha kugwirizana kuti akukamba za khadi liti. Iye sankafuna kulemera nazo, ndipo ankadana ndi kukwera kwa mitengo.

Makampani a chingamu analowamo pambuyo pake, ndipo ogula anasintha kuchoka kwa akuluakulu osuta kupita kwa ana. Goudey ya ku Boston inatulutsa seti ya makhadi 240 mu 1933, koma nambala 106 munalibe m'paketi iliyonse. Ana anagula n'kugula osaipeza. Amene analembera kampaniyo kalata yodandaula ndiwo anatumiziridwa khadilo, la Nap Lajoie, mu 1934. Ambiri amakhulupirira kuti kampaniyo inachita dala kuti chingamu chiyende malonda.

Khadi lamakono linaumbidwa ndi Sy Berger wa kampani ya Topps ya ku Brooklyn, mothandizana ndi wojambula Woody Gelman, m'seti ya 1952 ya makhadi 407. Topps inalimbirana osewera ndi Bowman ya ku Philadelphia mpaka kukhothi, ndipo mu 1953 bwalo la apilo ku New York linagamula kuti munthu ali ndi ufulu pa phindu la malonda la chithunzi chake. Chigamulo chimenechi chinathandiza anthu otchuka a mitundu yonse, osati osewera okha. Mu 1956 Topps inagula Bowman n'kutsala yokha pa msika kwa zaka 25. Kuyambira 1957 khadi linakhazikika pa saizi yomwe ilipo lero, masentimita 6.4 ndi 8.9. Osewera ankalandira $125 pa chaka basi, mpaka mtsogoleri wa bungwe lawo, Marvin Miller, atawalimbikitsa kukana kusainanso mapangano. Mu 1968 ndalamayo inakwera kufika $250, kuphatikizapo gawo la ndalama zogulitsa makhadi.

Kusowa kochitika mwangozi

Makhadi awiri aja a mamiliyoni ali ndi mbiri zosiyana, koma onse anasowa popanda wokonza kuti adzakhale a mtengo wapatali.

Honus Wagner ankasewerera Pittsburgh Pirates, ndipo anali mmodzi mwa anthu asanu oyamba kulowa mu Hall of Fame ya baseball, malo olemekezera akatswiri a masewerawa, mu 1936. Khadi lake la T206 linasiya kusindikizidwa litangoyamba kumene, iye atakana kupereka chilolezo. Chifukwa chake anthu amanena zosiyana: ena amati sankafuna kuti ana azigula ndudu pofuna chithunzi chake, ena amati ankafuna malipiro okwanira. Odziwika kuti alipo lero sakwana 100.

Za Mantle n'zina. Iye anasewerera New York Yankees kuyambira 1951 mpaka 1968, n'kuwina nawo World Series, mpikisano womaliza wa sizoni wopeza akatswiri a MLB, kasanu ndi kawiri. Khadi lake ndi nambala 311, loyamba m'chigawo chomaliza cha seti ya 1952. Chigawocho chinatuluka mochedwa, sizoni ili kumapeto, ana atayamba kale kutsatira mpira wa ku America wa football, ndiye malonda sanayende. Makatoni anadzaza nyumba yosungira katundu kwa zaka. Malinga n'kufotokoza kwa Berger mwiniwake, cha m'ma 1960 anawakweza m'bwato lonyamula zinyalala n'kukawataya m'nyanja ya Atlantic.

Otsalawo anakumana ndi ana. Ankawaponya pakhoma pochita mpikisano, kuwamanga ndi malabala, kuwapanira pa njinga kuti azilira pa masipoko, kuwayenda nawo m'thumba la kabudula. Mwana akakula n'kuchoka pakhomo, mayi ake ankataya bokosi lonse. N'chifukwa chake makhadi a Mantle a 1952 alipo ndithu oposa chikwi, koma osakhudzidwa n'komwe ndi owerengeka ndi zala. Ogulanso ambiri anali ana omwe aja, atakula n'kupeza ndalama, akufunafuna zomwe zinatayidwa.

Pamene aliyense anayamba kusunga

Cha m'ma 1980 nkhani inafala yoti makhadi akale ayamba kugulidwa ndalama zambiri. James Beckett, katswiri wa ziwerengero, anatulutsa ndandanda ya mitengo mu 1979, kenako magazini ya mwezi ndi mwezi mu 1984, ndipo mwana aliyense anayamba kudziwa kuti khadi lake akuti ndi la ndalama zingati. Kampani ya Fleer inasumira Topps pa mlandu wophangira msika n'kuwina mu 1980, moti mu 1981 Fleer ndi Donruss zinayamba kutulutsa awo. Bwalo la apilo linasintha chigamulocho, koma makampani awiriwo anapitiriza, kungoti m'malo mwa chingamu Fleer inkaika masitika, Donruss tizidutswa ta chithunzi cholumikiza. Score inabwera mu 1988. Upper Deck inabwera mu 1989 ndi pepala labwino, mapaketi ovuta kutsegula mobisa, ndi kachizindikiro konyezimira kotsekereza opanga makhadi abodza. Nambala 1 ya seti yake inali ya mnyamata Ken Griffey Jr.

Makolo anagula mabokosi osatsegula n'kuwasunga, poganiza kuti adzalipirira ana sukulu. Koma makampani ankasindikiza usana ndi usiku, ndipo nthawi ino palibe amene anataya kapena kupanira khadi pa njinga. Aliyense anasunga, ndiye palibe chinasowa. Osonkhanitsa amatchula zaka za kuyambira cha m'ma 1987 mpaka 1994 kuti junk wax, kutanthauza mapaketi achabechabe, ndipo bokosi lathunthu la nthawi imeneyo nthawi zambiri limagulidwa ndalama zochepa kwambiri. Osewera atanyanyala ntchito mu Ogasiti 1994 mpaka World Series kulephereka, anthu ambiri anagwa mphwayi, ndipo mashopu a makhadi ochuluka anatsekedwa. Chingamu nachonso Topps inali itachichotsa kale mu 1992, chifukwa osonkhanitsa ankadandaula kuti chimathimbiriza makhadi.

Giredi

Pa zonse za m'nkhaniyi, giredi ndiyo imasokoneza kwambiri anthu akunja. Makhadi awiri a wosewera mmodzi, a chaka chimodzi, ooneka chimodzimodzi ndi maso, limodzi litha kugulidwa ndalama zoposa linzake kakhumi kapena kuposerapo.

Kale wogulitsa ndi wogula ankakangana okha. Wogulitsa amati khadi lili bwinobwino, wogula amati ngodya yatha. Anthu atayamba kugulana pa positi, kenako pa intaneti eBay itabwera mu 1995, mkanganowo unakula chifukwa wogula sankaligwira khadilo asanalipire. Ndiye kunabwera makampani oima pakati: PSA mu 1991, SGC mu 1998, ndi nthambi ya Beckett yopereka magiredi mu 1999. Mwini khadi amalitumiza kumeneko n'kulipira. Akatswiri amatsimikizira kaye kuti si labodza ndiponso silinakonzedwe, kenako amayang'ana zinthu zinayi: ngati chithunzi chili pakatikati, ngodya zinayi, m'mphepete, ndi pankhope pa khadi ngati pali zokanda kapena mapindo. Amalipatsa nambala kuyambira 1 mpaka 10 n'kulitsekera m'kabokosi ka pulasitiki komata, komwe osonkhanitsa amati slab. Kampani iliyonse imasunganso kaundula amene aliyense angathe kumuona, wosonyeza kuti khadi lakuti analiona kangati ndipo angati anapeza giredi yanji. Mwa makhadi onse a Mantle a 1952 amene PSA inawaona, atatu okha ndiwo anapeza 10. Lija la $12.6 miliyoni linapatsidwa 9.5 ndi SGC.

Mlimi amene anapititsapo fodya ku okushoni ku Kanengo kapena ku Limbe savutika kumvetsa zimenezi. Mabelo awiri ochokera m'munda umodzi amagulidwa mitengo yosiyana chifukwa cha giredi, ndipo wonena giredi yomaliza si mlimiyo. Dandaulo lakenso ndi lomwelo, lakuti maso a woyesa ndi maso a munthu. Osonkhanitsa ena amaswa slab n'kutumizanso khadi lomwelo, ndipo nthawi zina limabwera ndi nambala ina.

Vuto lalikulu ndi makhadi okonzedwa. Munthu amadula pang'ono kwambiri m'mphepete kuti ngodya zioneke zakuthwa, kapena kupaka utoto pamene pasupuka. Khadi loyamba lenileni limene PSA inalipatsa giredi linali la Wagner, lomwe katswiri wa ice hockey Wayne Gretzky ndi mnzake Bruce McNall analigula pa $451,000 mu 1991. Linapatsidwa 8. Mu 2013 wogulitsa makhadi wotchuka Bill Mastro anavomera kukhothi kuti analidula m'mphepete zaka za m'mbuyomo, ndipo pambuyo pake anamangidwa pa milandu ya chinyengo pa okushoni. Mu 2019 osonkhanitsa wamba, poyerekeza zithunzi za makhadi asanagulitsidwe ndi atagulitsidwanso, anatulukira ambiri amene anakonzedwa koma n'kulandira giredi yapamwamba, mpaka apolisi a FBI analowererapo. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe n'zoona kuti popanda magiredi msika wa pa intaneti sukanakula chonchi, chifukwa munthu sangatumize ndalama zambiri kwa mlendo pongodalira mawu ake.

Kusowa kochita kupanga

Makampani anaphunzira pa junk wax kuti chochuluka sichikopa wogula. Ndiye anayamba kubisa makhadi apadera ochepa m'mapaketi wamba. Upper Deck inaika makhadi 2,500 osainidwa ndi Reggie Jackson mu 1990. Topps inabweretsa makhadi onyezimira a Refractor mu 1993. Mu 1997 kunabwera makhadi okhala ndi kachidutswa ka jezi yomwe wosewera anavaladi pa gemu. Lero khadi limodzi limatuluka m'mitundu yambiri, mtundu uliwonse ndi chiwerengero chake chodindidwa pakhadipo, monga 17/50 kapena 3/5, mpaka kufika pa 1/1, kutanthauza kuti padziko lonse lilipo limodzi lokha.

Apa m'pamene pamalowera rookie card, khadi la chaka choyamba cha wosewera mu ligi yaikulu. Osonkhanitsa amalikonda kuposa ena onse a wosewerayo. Kuyambira 2006 makhadi otere amakhala ndi chidindo cha RC, koma mkangano sunathe, chifukwa mtundu wa Bowman, umene Topps inauukitsa, umatulutsa makhadi a anyamata adakali m'maligi ang'onoang'ono. Khadi la Mike Trout la 2009 la mtundu umenewu, losainidwa, la 1/1, linagulidwa $3.9 miliyoni mu Ogasiti 2020. Ngakhale Mantle, khadi lake loyamba ndi la Bowman la 1951, koma lodula kwambiri ndi la Topps la 1952.

Mu Malichi 2025 khadi la Paul Skenes wa Pittsburgh Pirates, lokhala ndi kansalu ka pa jezi yomwe anavala pa gemu yake yoyamba, linagulidwa $1.11 miliyoni. Analipeza m'paketi ndi mwana wa zaka 11 wa ku dera la Los Angeles. Timuyo inali italonjeza wolipeza mipando yabwino pa bwalo lake kwa zaka 30, koma banjalo linasankha okushoni. Kusiyana kwake ndi Wagner n'koonekeratu. Wagner anamaliza ntchito yake kalekale ndipo mbiri yake siisintha. Skenes akusewerabe ngati woponya mpira, ndipo mkono wa woponya mpira utha kuvulala tsiku lililonse. Wogula khadi la wachinyamata amakhala akubetchera tsogolo la munthu.

Kusinthana kumayenda bwanji?

Kutali ndi mamiliyoniwa kuli anthu ambiri amene nkhani sizimawatchula. Wina amasonkhanitsa timu imodzi yokha. Wina wosewera mmodzi, mwina wosatchuka n'komwe, chifukwa anachokera kwawo. Wina akufuna kukwanitsa seti ya chaka chimene anabadwa, ndipo watsala ndi manambala 12 amene wakhala akuwasaka kwa zaka. Aliyense amakhala ndi ndandanda ziwiri, ya zomwe akufuna ndi ya zomwe angapereke, komanso makhadi ena amene sawagulitsa kapena kusinthanitsa zivute zitani, omwe amawatchula kuti PC.

Amakumana m'mashopu, m'maholo a sukulu ndi a tchalitchi kumapeto kwa sabata, ndiponso pa msonkhano waukulu wa National Sports Collectors Convention, umene unayamba mu 1980 ku Los Angeles ndipo umachitika chaka ndi chaka. Madzulo matebulo a ogulitsa akatsekedwa, pamakhala trade night: anthu amakhala pansi n'kutsegula zikwama, ana ndi agogo pamodzi.

Poyeza ngati kusinthana kuli kwachilungamo, kale ankatsegula magazini ya Beckett. Masiku ano amayang'ana pa foni mitengo imene khadi lofanana nalo lagulidwadi posachedwapa, yomwe amati comps. Mtengo umene wogulitsa walemba suwerengedwa. Chowerengedwa ndi chimene wina analipiradi. Koma masamu sakwanira. Wopereka khadi limodzi lalikulu posinthana ndi ang'onoang'ono khumi amayembekezera kulandira zoposerako, chifukwa kugulitsa khumi n'kovuta kuposa kugulitsa limodzi. Ndipo kwa munthu wotsala ndi nambala imodzi kuti seti ikwane, khadi la masenti 50 litha kumukomera kuposa la $20.

Kusinthana pa positi kuli ndi mwambo wake. Khadi amaliika m'kathumba kofewa ka pulasitiki, kenako m'chikuto cholimba chotchedwa toploader, n'kumata pakamwa pake kuti lisatuluke. Lotchipa limapita mu envulopu wamba ndi sitampu, lodula m'phukusi lokhala ndi nambala yolitsatira. Asanagwirizane, aliyense amatumiza zithunzi za kutsogolo ndi kumbuyo, nthawi zambiri pambali pali kapepala kolembedwa dzina lake ndi deti, kusonyeza kuti khadilo lili m'manja mwakedi. Ngati pali pindo kapena ngodya yakutha, amanena yekha asanafunsidwe. Wachilendo ndiye amayamba kutumiza, ndipo wakale amatumiza akalandira. Munthu akasinthana bwino, mnzakeyo amamuchitira umboni kwa ena, ndipo umboni umenewo ndiwo umamutsegulira makomo. Amene wabera mnzake kamodzi mbiri yake imafika patsogolo iye asanafike. Kudyera mwana masuku pamutu posinthana ndi chinthu chochititsa manyazi kwambiri pakati pawo.

Kwa ine gawo limeneli ndilo lokoma kwambiri, ndipo ndilo limafotokoza chifukwa chake zimenezi zakhalapo zaka zoposa 100. Anthu amene sanaonanepo amadziwana zokonda, moti wina akapeza khadi la timu ya mnzake amangoliponya mu envulopu ngati mphatso. Kwa wokhala kunja kwa America chopinga ndi positi ndi msonkho wa katundu, zomwe nthawi zambiri zimaposa mtengo wa khadilo. N'chifukwa chake pali makampani monga COMC amene amakusungira makhadi ku America, n'kudzawatumiza pamodzi akachuluka.

Nthawi ya Covid-19 ndi ma break

Mu 2020 anthu atatsekeredwa m'nyumba, ambiri anakumbukira mabokosi awo akale, ndipo ena analowamo pofuna phindu. Mitengo inakwera modabwitsa. Kumapeto kwa Malichi 2021 PSA inasiya kaye kulandira makhadi ambiri chifukwa inali ndi mamiliyoni odikira giredi. Mu Meyi chaka chomwecho sitolo za Target zinasiya kwa kanthawi kugulitsa makhadi a masewera, anthu atachita ndewu pa malo oimikapo magalimoto ku Brookfield, Wisconsin. Kuyambira 2022 mitengo ya makhadi ambiri atsopano inatsika kwambiri, pamene akale osowa anakhalabe olimba.

Nthawi imeneyi ndiyo inatchukitsa break. Bokosi lodula, la madola mazana kapena masauzande, amagawana anthu ambiri. Aliyense amagula timu imodzi mwa 30 zija, kapena amaipeza mwa maere. Wokonza amatsegula bokosilo pa kamera onse akuonera pa intaneti, ndipo khadi lililonse limapita kwa mwini timu ya wosewerayo. Wina amapeza khadi losainidwa loposa ndalama zomwe analipira, wina sapeza kanthu.

Wololedwa kusindikiza ndani?

Kuti khadi likhale ndi nkhope ya wosewera pamafunika chilolezo cha bungwe la osewera, ndipo kuti likhale ndi dzina ndi chizindikiro cha timu pamafunika cha MLB. Kuyambira 2010 MLB inapereka chilolezo chake kwa Topps yokha. Mu Ogasiti 2021 zinamveka kuti ligi ndi osewera agwirizana ndi Fanatics, kampani yogulitsa majezi, patatha zaka pafupifupi 70 Topps ikusindikiza. Mu Januwale 2022 Fanatics inagula bizinesi ya makhadi ya Topps pa ndalama pafupifupi $500 miliyoni, ndiye dzina la Topps likadalipo koma mwini wake ndi wina. Fanatics inatenganso zilolezo za basketball ndi football. Mu Ogasiti 2023 Panini ya ku Italy, yodziwika ndi masitika a World Cup, inaisumira pa mlandu wophangira msika, ndipo Fanatics nayo inasumira Panini.

Zomwe sizinayankhidwe

Funso loyaka kwambiri ndi lakuti kodi break ndi juga kapena ayi. Oikira kumbuyo amati paketi yomata yakhala ili choncho kuyambira nthawi ya Goudey, ndipo wogula amalandira katundu weniweni. Otsutsa amati paketi ya masenti asanu si yofanana ndi kulipira $100 pa foni pakati pa usiku n'kutuluka chimanjamanja, kenako n'kulipiranso. Malamulo a juga amasiyana boma ndi boma ku America, ndipo analembedwa popanda woganizira za makhadi. Nkhawa yaikulu ili pa ana amene amaonera nawo.

Za magiredi nazo zili pomwepo. Mu 2024 kampani ya Collectors, mwini wa PSA, inagulanso SGC. Ena akuti zimenezi zibweretsa muyezo umodzi wodalirika. Ena akufunsa kuti woyesa amamuyesa ndani, makamaka pamene malipiro ake amakwera khadi likakhala lodula. Makina ndi makamera ayamba kuthandiza poyeza, koma osonkhanitsa sanagwirizane ngati makina angaone kukongola kumene diso la munthu limaona.

Palinso funso la makhadi a 1/1. Wosewera mmodzi amakhala ndi ambiri otere chaka chilichonse, m'maseti osiyanasiyana. Khadi lililonse ndi limodzi lokhadi, koma onse pamodzi ndi ochuluka. Pali amene akuti iyi ndi junk wax yatsopano yovala pulasitiki, poona kuti makhadi ena atsopano ali ndi magiredi 10 masauzande ambiri. Pali amene akuti ogula achuluka padziko lonse, makamaka ku Japan chifukwa cha Shohei Ohtani, ndiye msika utha kumeza zonsezo.

Nanga kampani imodzi ikakhala yosindikiza, yogulitsa, yochititsa okushoni ndiponso yoyendetsa ma break, shopu yaing'ono ya m'tauni ipeza bwanji katundu, ndipo pa mtengo wanji? Makhothi ndi msika ndiwo adzayankhe. Ndipo ogula a mamiliyoni a lero ndi anthu amene anakula akusinthana makhadi a masenti pakhonde. Mwana amene lero amaonera bokosi la $1,000 likutsegulidwa pa foni, kodi akadzafika zaka 50 adzafunafuna khadi liti?